Tsiku Limene Ndinaziziritsa Apongozi

Inu a chipewa chofiira, ndakuonani mukutsinzinira mnzanuyo. Tsinzinirani, diso ndi lanu. Koma mwati chiyani? Mwati eyakoni ya galimoto munthu sangaikonze yekha popanda mabotolo a gasi ndi timawotchi tija ta m'magalaja a ku Lilongwe? Munabadwa liti inu? Khalani pansi apa, minibasi yanuyo siidzadza msanga, ndikuuzeni zimene ndinachita ine Binwelo Katsache ndi manja awa, pano pa Nathenje pomwe. Amene aone ngati ndikunama adzuke azipita, sindimugwira mwendo.

Chinali chaka chotsatira mavoti aja a zipani zambiri, mwezi wa Okotobala, dzuwa lake loti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Nthawi imeneyo ndinali nditakhala pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi, kumudzi kwa mkazi wanga Esinati, kuseri kwa msikawu. Munda wa apongozi ndinalima, nyumba zawo ndinafolera, ana anayi ndinabala, ndipo pamsonkhano wa pamudzi ndinkakhala kumbuyo n'kumavomera zilizonse, poti amati mkamwini asamakule mwendo. Ndiye atsibweni anga ku Mitundu ananditumizira uthenga. Anati malo aja a m'mphepete mwa msewu, oyang'anana ndi msika, amene ndinkafuna kumangapo galaja yanga, andisungira mpaka mvula yoyamba. Ikagwa ndisanafike ndi banja, apatsa msuweni wanga. Basi ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu.

Amalume ake a Esinati, a Gideoni, sanakane. Anati mawu ali ndi mlongo wawo, apongozi anga aNaphiri, ndipo pabanja pawo mayi amayamba wakaona ndi maso ake kumene mwana akupita asanamulole. Apongozi nawonso sanakane. Mayi aja anali ochenjera, kukana sankadziwa, ankangokuika pamalo poti ukane wekha. Anatumiza mawu kudzera mwa a Gideoni kuti adokotala ku Likuni anawaletsa kuyenda padzuwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, choncho ku Mitundu adzapita chisanu chikadzabwera. Mukumva? Chisanu chimabwera mu Juni, mvula yoyamba imagwa mu Novembala. Ine ndinawauza a Gideoni kuti akanene kuti palibe vuto, chisanu chibwera Loweruka.

Pakhomo panga panali pikapu yoyera ya bambo wina amene anaimira uphungu n'kugwa chagada. Anaisiya kuti ndiikonze magiya, kenaka manyazi anamuthawitsira ku Joni, mpaka lero. Padenga pake panali pakadali chimkuzamawu chija ankalonjezera nacho anthu milatho. Pikapu imeneyi inali ndi eyakoni, makina aja oziziritsa mpweya, koma inafa kalekale, ndipo mwiniwake ankasungamo malisiti m'timawindo take.

Tsono inu ana a masiku ano, amene mumadya mbale imodzi ndi apongozi n'kumawapempha foni, simungamve vuto linali pati. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi aakazi ankaopana. Zaka khumi ndi chimodzi zonsezo nkhope ya aNaphiri ndinali ndisanaiyang'anitsitse. Tikakumana panjira ine ndinkalowa m'tchire la kumanja, iwo la kumanzere. Moni ndinkapereka nditanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, ndipo mawu enieni ankadutsa mwa Esinati kapena a Gideoni. Pikapu ija kutsogolo inali ndi mpando umodzi wokha. Apongozi sakanakhala pamenepo, phewa kukhudzana ndi langa, zinali zosatheka. Malo awo anali kumbuyo, padzuwa. Ndiye ntchito zinali ziwiri: kuukitsa makina akufa, ndi kuwaphunzitsa kuuzira kumbuyo.

Lolemba ndinatsegula boneti. Kamtima ka makinawo, kamene amati kompuresa, kanali katauma gwa, mavu atamangamo mudzi wathunthu wokhala ndi manda ake omwe, ndipo ndinakamasula ndi sipanala yomwe ndinasula ndekha kuchokera ku khasu lakutha, ndinakaviika m'parafini masiku awiri, ndinakamwetsa mafuta a nsatsi supuni zitatu, ndipo nditakazunguza ndi dzanja kanatsokomola kawiri, kanalavula chule wamoyo amene anandiyang'ana mwaukali n'kudumphira kudambo, kenaka kanayamba kupuma bwinobwino. Lamba wake makoswe anali atadya. Ndinacheka wina pachikopa cha ng'ombe yolima yomwe inafa ndi ukalamba, ndipo poti ng'ombe ija inazolowera ntchito, lamba ameneyu sankadikira injini, ukangoti tiye ankayamba kukoka yekha, ukati ho n'kuima. Pali Mulungu, ndinkachita kunong'ona ndikamalankhula ndi ana pafupi ndi galimoto.

Lachitatu ndinasaka mabowo m'mapaipi. Apa mverani, chifukwa ngakhale a m'tauni amachita chomwechi. Umapaka thovu la sopo paipi yonse, umauzira mpweya mbali imodzi, ndipo pamene patuluke chithovu chachikulu ndi pamene pabooka. Ine wouzira ndinali ndekha, ndi pakamwa pangapa, ndipo mapapo anga nthawi imeneyo anali oti nditauzira kamodzi thovu linakwera kupitirira mtengo wa mango, linaphimba bwalo lonse, ndipo amayi a pamudzi anabwera ndi zovala zawo kudzachapa. Mabowo ndinapeza makumi atatu ndi awiri. Ndinawamata ndi ulimbo wosakaniza ndi phula la njuchi, ndipo mbalame ziwiri zimene zinabwera kudzaona ntchito zinamatirira pomwepo, tinadyera ndiwo masana.

Chinatsala ndi gasi. Ndinapita m'tauni, m'sitolo ina anandiuza kuti watha, ndidikire lole yochokera ku Joni cha m'Khirisimasi. Munthu wina akanabwerera kukalira. Ine ndinakhala pansi pakhonde la sitoloyo n'kudzifunsa kuti kodi gasi n'chiyani. Gasi ndi chisanu chotsekeredwa m'botolo, basi, palibenso china. Ndiye funso linali loti ndani m'dziko muno anatsekera chisanu mu Juni osachitsegula.

Ndinakumbuka mkulu wina wa ku Diamphwe, kumalire ndi Dedza uko, kumene chisanu chake mumachidziwa. Mkuluyu anamata nkhokwe yake ndi dothi m'mawa wina wa Juni, udzu uli mbuu, anaitseka pamwamba pomwe, ndipo sabata yomweyo akazi ake awiri anayambana za amene azitapa chimanga, iye n'kulumbira kuti nkhokweyo sitsegulidwa mpaka agwirizane. Anali asanagwirizanebe. Lachinayi ndinakwera njinga, nditanyamula chubu cha thirakitala ndi pampu yomwe ndinaitembenuza kachikopa kake kuti izikoka m'malo mopopa. Nditaika khutu pankhokwe ija ndinamva chimanga chikukukuta mano. Ndinaboola kabowo, ndinaona anankafumbwe atafa atafunda makoko, ndinalowetsa pampu, ndinakoka, ndinakoka, mpaka chubu chinafufuma ngati mimba ya ng'ombe yokhuta msipu. Mwini nkhokwe anandithokoza, anati chimanga chake chinkalephera kugona.

Pobwerera chubu chili pakaliyala, thukuta lakumsana linauma n'kusanduka mbale, malaya anathyoka pakati ndikuwerama, ndipo agalu a m'midzi amene ankandithamangitsa ankangofika pafupi, kuyetsemula, n'kubwerera. Kunyumba ndinalumikiza chubu kupaipi ya makina, ndinamuuza Esinati kuti akhalepo pang'onopang'ono, chisanu chonse chinalowa, ndinatseka ndi chitsononkho. Ndinaliza injini, ndinati tiye. Ntchentche yomwe inkadutsa kutsogolo kwa timawindo inagwa pampando n'kulira ngati mwala.

Lachisanu ndinagwira ntchito yachiwiri ija. Ndinasonkhanitsa mpweya wa m'timawindo tonse kulowa m'nsungwi imodzi yoboola, nsungwiyo ndinaidutsitsa pagalasi lakumbuyo, ndipo kumapeto kwake, kuti mpweya uzimwazika bwino, ndinamangirira chimkuzamawu cha phungu wolephera uja, kukamwa kwake kutaloza kumbuyo. Ndinakhoma mitengo inayi, ndinafolera ndi ziguduli za fodya, ndinaikamo mpando wa ndalema. Zinali zokongola, anthu anabwera kudzaona.

Ine sindibisa, ndinalakwitsa pawiri. Choyamba, sindinaganize kuti chimkuzamawu ntchito yake n'kukulitsa chilichonse cholowa m'menemo, ndipo chimenechi chinali chitazolowera kutenga mlatho umodzi n'kuusandutsa khumi. Chachiwiri, chifukwa cha ulemu, ndinamanga nsanza pamagalasi onse oonera kumbuyo, kuopa kuti maso anga angakumane ndi a apongozi. Aliyense woleredwa bwino akanachita chomwecho.

Loweruka dzuwa litakwera tinanyamuka. Esinati anatsala ndi ana, poti pa ulendo wotere mwini nkhani sapita nawo. Apongozi anakwera ine nditayang'ana kumpanda, a Gideoni anakhala pambali pawo kuti aziwagwirira pamabampu, ndipo anatenga tambala ndi chigubu cha thobwa zokapereka kwa atsibweni anga. A Gideoni anamenya denga kawiri, ine ndinati tiye, tinalowa msewu wa fumbi wodutsa m'midzi kulunjika ku Mitundu.

Kutsogolo kunali ng'anjo. Chisanu chonse chinkapita kumbuyo, ine thukuta lili chuchuchu, ndipo mumtima ndinkangoti bola apongozi akupeza kamphepo. Anthu m'njira ankaima n'kugwira pakamwa, ine ndinkaweyula dzanja poganiza kuti akusirira. Zimene zinkachitika kumbuyo ndinazimva pambuyo pake kwa anthu amene anaona, ndipo ena alipobe, kafunseni. Akuti m'chimkuzamawu munkatuluka matalala, fumbi limene galimoto inkautsa linkauma m'mwamba n'kumagwa ngati miyala ya mfuti ya gogodela, mitengo ya mango ya m'mphepete mwa msewu inayoyola zipatso n'kuyambiranso maluwa poganiza kuti chaka chabwerera, agogo ena anatuluka kukasonkha moto panja dzuwa lili pamutu, kamvuluvulu amene anadutsa kumbuyo kwathu anauma chiimire ndipo anthu anamangirirapo mbuzi sabata yathunthu, ndipo pakamtsinje kena madzi analimba moti mayi amene ankatsuka mbale anapita kunyumba ndi mtsinje womatirira kumanja. Mukumva? Chithunzithunzi cha galimoto chenichenicho chinamatirira pamsewu, tinachisiya pomwepo, chinatipeza Lachiwiri.

Mufunsa kuti bwanji sanandiimitse. A Gideoni anafuna kukuwa koma nsagwada zinali zitagwirana, anafuna kumenya denga koma dzanja linaumira m'mwamba. Apongozi pakamwa pawo pankatseguka, koma mayi wa ulemu wake akanaitana bwanji mkamwini ndi dzina, pamsewu, anthu akumva? Anasankha kufa.

Ine ndinazindikira pamene chiwongolero chinayamba kupepuka. Phiri la Bunda linali litayandikira, malata a pamsika wa Mitundu akuoneka kunyezimira patsogolo, ndipo ndinangoona boneti ikukwera, ikukwera, mpaka mateyala akutsogolo anasiya nthaka chifukwa cha kulemera kwa madzi oundana kumbuyo. Ndinati ho, lamba anaima. Ndinatsika, ndinayenda chobwerera m'mbuyo maso ali pansi, ndipo nditasuzumira ndi ngodya ya diso mtima wanga unagwa. Ziguduli zinali ngati malata. Tambala anaumira pakati pa kulira, khosi lili tasa. Chigubu chinang'ambika, thobwa litaima lokha, ndipo anthu amene anasonkhana analigawana ndi chikwanje. A Gideoni anali gwa chikhalire, dzanja m'mwamba ngati akuvota. Amuna anayi tinawanyamula momwemo, tinawakhazika paboneti kuti injini iwasungunule, tinawamanga ndi mphira kuti asagwe.

Apongozi anali moyo. Mayi aja anali olimba, koma ndinkamva mano awo ali gwegwegwe, ndipo ndinachita mantha enieni, ndinati ndapha mayi wa mkazi wanga. Malo otentha anali amodzi okha, kutsogolo. Wondilankhulira panalibe, Esinati ali kunyumba, a Gideoni ali paboneti. Ndiye ndinanyonyomala pafupi ndi teyala lakumbuyo, ndinaliwombera m'manja, n'kuliuza mokweza kuti likapeza mpata liwauze akuluakulu kuti kutsogolo kuli kofunda, ndipo mwini galimoto ayang'ana kumbali.

Panapita kanthawi. Kenaka ndinamva chitenje chikulira ngati pepala, mapazi akutsika, chitseko chikutseguka. Ndinadikira, ndinalowa mbali yanga, ndinapachika jekete pakati pathu, ndinayang'ana pawindo langa, iwo pawindo lawo. Zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kanali koyamba kumva kupuma kwawo. Tinakhala choncho mpaka mano awo anasiya kulira. Ndinaika dzanja pagiya kuti timalize kamtunda kotsalako, ndipo iwo anagogoda ndi chala patimawindo ta eyakoni paja.

"Makina iwe," anatero, "umuuze mwini wako kuti asavutike, ku Mitundu sindifikako. Ndaona kale. Munthu wogona pansi pa galimoto sabata yonse chifukwa cha nkhalamba, mwana wanga sangamugoneke ndi njala. Umuuze amutenge."

Mtima wanga unadumpha, abale. Galaja ndinaiona itaima, chikwangwani chili pamwamba, dzina langa litalembedwa ndi penti wofiira. Ndinafuna kuthokoza, koma ndisanapeze choti ndichiuze, anagogodanso.

"Umuuzenso ichi. Ndinabala asanu ndi awiri. Asanu ndi mmodzi ndinawasambitsa ndekha ndi manja angawa, awiri chaka chathachi. Watsala ndi Esinati. Sindikumuletsa ayi. Koma akadzamva kuti ndapita, adzabwere naye msanga, asadzandisambitse alendo."

Anangonena zomwezo, ndi mawu wamba, ngati akutuma mwana kukatunga madzi. Kenaka anakonza mpango kumutu n'kuyang'ananso pawindo.

Maliro awiri a chaka chathacho ndinawadziwa, ndinathandiza nawo kukhoma mabokosi. Enawo ndinkangomva. Koma kuwerenga ndinali ndisanawerengepo, ndipo zaka zonsezo ndinkaona ngati mayi aja akundikaniza mkazi chifukwa cha nkhanza kapena chifukwa chofuna wolima. Ndinakhala dzanja lili pagiya, Mitundu ili apo, moti munthu wakuwa pamsika ukanamumva. Ndinaika giya ya m'mbuyo.

Tinabwerera ku Nathenje pang'onopang'ono, a Gideoni akusungunuka paboneti, ndipo pofika pakhomo anali atatsitsa dzanja n'kuyamba kutukwana. Esinati anatuluka kudzafunsa kuti zayenda bwanji. Ndinamuuza kuti tinalephera kufika, madzi oundana aja anagumukira kutsogolo n'kutseka msewu wonse, tidzapita ulendo wina. Apongozi anamva, analowa m'nyumba mwawo. Mvula inagwa sabata yachitatu. Malo anapita kwa msuweni wanga, ndipo mukapita ku Mitundu lero muona sitolo yake ya zitsulo pamenepo, ya makomo atatu. Apongozi anakhala zaka zina khumi ndi zinayi, ndipo tsiku lawo litafika Esinati anali m'nyumba momwemo, madzi ofunda anatereka yekha.

Ndiye inu a chipewa, sekani za chule, sekani za kamvuluvulu, zonsezo ndilumbira pamaso pa aliyense, ngakhale kukhoti. Eyakoni ija ndinaikonza ndekha ndipo inagwira ntchito kuposa ya nduna. Bodza m'nkhani yonseyi ndi limodzi lokha, ndipo ndinanamiza mkazi wanga, osati inu. Msewu wa ku Mitundu sunatsekeke. Unali woyera, wouma, woti ngakhale ngolo ikanadutsa. Amene ankalephera kuuona ndi ine, misozi inali itadzaza m'maso, ndipo ndinalibe pakamwa pomuuzira Esinati kuti chitengwa anandipatsa ndipo ndinachibweza ndekha.